Amai Zabeta a Ndevu

Ndake,
Nyimba.
Julaye 2025.

Wokondedwa mlongo wanga Yvonne,

Moni wochokela kuno kumudzi. Uli bwanji ku Solwezi kumeneko? Bala la opaleshoni lija linapoladi, kapena umangondinamiza pa foni kuti ndisade nkhawa? Nanga kamnyamata kako kakuyamwa bwino? Usamakatulutse panja m'mawa kopanda chipewa, mwezi uno ndi woipa. Alamu anga a Jerry ali bwanji? Uwauze kuti mbewa zanona chaka chino ndipo tawasungila, anyani amene Abemba anzawo amadya aja apumeko pang'ono.

Ife kuno tilipo. Thonje tinatola, chimanga chili m'nkhokwe. Mlamu wako Rabecca ali bwino, mwana wathu Natasha akupita kusukulu. Ine ndi kachifuwa chabe. A ku kiliniki akuti palibe chilichonse, ngakhale sanandipime mokwanila mmene ndinkafunila.

Udabwa kuti ndalemba kalata pamene tonse tili ndi foni. Chifukwa chake ukuchidziwa. Ndikayamba kufotokoza nkhani kuchokela pachiyambi, iwe umati alongo fulumilani, kenaka netiweki ya kuno imathawa ndisanafike pakati. Pepala silindidula mau. Uwelenge yonse, usalumphe, ndipo usawelengele pamaso pa a Jerry chifukwa aseka mpaka kugwa pa mpando.

Nkhani ndi ya dzina la amai. Unati ubwela mwezi ukubwelawu pa Misa yowakumbukila, ndipo tsiku lomwelo amalume adzakukhazika pa mphasa kuti ulowe dzina lawo la Zabeta, limene ine ndakhala ndikukusungila kuyambila pa malilo. Pa dzina limeneli ndili ndi pempho. Sindingalinene pano poyamba, ungandiyese wopenga. Uyambe wamva mmene zinthu zayendela.

Amai athu unkawadziwa. Tili ana, chinthu cha m'nyumba chikasowa sitinkaganizila wakuba, tinkangofunsa kuti wadwala ndani. Bulangeti la atate linapita choncho. Malaya anga a sukulu ndinakumana nawo pa chigayo atavala mwana wina, ndipo nditadandaula amai anati uthokoze Mulungu kuti akumukwana.

Koma za nthawi ya khansa iwe unkaona zochepa, chifukwa ukabwela ankavala duku labwino ndi kukhala tsonga kuti usadziwe. Ine ndi amene ndinkawapelekeza ku Lusaka zaka zonse zija, ndipo sanali wodwala wosavuta kupelekeza. Basi ikangonyamuka pa Nyimba ankatulutsa kolona ndi kufunsa mokweza kuti Akatolika muno ndani. Pofika pa Kacholola theka la basi likuyankha Tikuoneni Maliya, theka linalo likunamizila kugona. Kondakitala wina anati amai, musatipemphelele chonchi ngati mwaona ngozi kutsogolo. Iwo anati mwana wanga, mmene dilaiva wako akuthamangilamu, ngoziyo ndaiona kale.

Ku chipatala tsiku lina ndinatuluka kukawagulila chakumwa. Pobwela ndinapeza pa bedi palibe munthu. Ndinayamba kale kusanja mau okuuzila iwe. Ndinakawapeza kumapeto kwa wodi, dilipi yawo ataipachika pa msomali wa windo, akusambitsa mai wina wa ku Mongu amene analibe womudikila. Sankamvana chilankhulo ngakhale pang'ono. Anesi atabwela kudzakalipa kuti inu ndinu wodwala, bwelelani pa bedi, amai anangowapatsa thaulo nati gwilani apa, mukalipe tikamaliza.

Tsitsi litathothoka ndi mankhwala aja, Rabecca analila. Iwo anati ukulilila chiyani iwe, sopo azikhalitsa tsopano.

Kuno ntchito yawo yoyendela odwala ndi gulu la amai a pa tchalitchi sanaisiye. Miyendo itakana, anati ndiziwakweza pa kaliyala wa njinga. Ndinkawafikitsa pakhomo la wodwala, iwo n'kulowa ndi kachikwama kawo ka sopo ndi nsalu, ine n'kutsala panja pansi pa mtengo, nditaima mbali imene mphepo ikuchokela. Umandidziwa. Ndine uja ndinakomoka ku kiliniki tsiku limene Natasha ankabayidwa jakisoni, mwanayo ndiye n'kumandikupiza ndi khadi lake.

Amai anatisiya mu Lenti, iwe uli pa bedi la opaleshoni. Bambo Mfumu anabwela kudzawadzoza mafuta a odwala. Atamaliza, amai anawakodola, tonse n'kuyandikila kuti timve mau otsiliza. Anawauza kuti nsalu ya pa guwa yang'ambika m'mphepete, wina aisoke Pasaka isanafike. Kenaka anatembenukila kwa ine nandifunsa ngati a Abraham atembenuzidwa lelo. A Abraham ndi mkulu uja wa mpingo wa Dachi wa kutsidya kwa dambo, amene anafa mbali imodzi ya thupi ndipo amakhala yekha. Ndinati sindikudziwa amai, koma ndifunsa. Anandiyang'ana mmene ankatiyang'anila tikanyambita shuga, natseka maso. Anapita mwakachetechete dzuwa likupendeka, kolona ili m'manja.

Malilo anali aakulu, mlongo wanga. Ena anabwela pa ngolo ya ng'ombe atagonekedwa pa matilesi, odwala amene amai ankawasambitsa, kuti angoona bokosi likudutsa. Zimenezi ndidzakuuza bwino pamaso, pano dzanja likukana.

Titaika, banja linakhala pansi kugawa katundu ndi kuona za dzina. Iwe unachoka kuno uli mtsikana, mwina unaiwala mwambo wake. Dzina la munthu wamkulu silisiyidwa lokha anthu akamabalalika. Amasankha mmodzi wa pa banja, amamukhazika pa mphasa, amamuika chitenje cha malemu pa phewa, ndipo kuyambila pamenepo iye ali m'malo mwa malemuyo. Ana a malemu ndi ana ake, abale a malemu ndi abale ake. Onse anagwilizana kuti dzina ndi lako. Vuto linali lakuti iwe kunalibe.

Cynthia wa amai aang'ono anadzipeleka kuti akusungile, koma maso ake anali pa makina osokela. Amalume a Whiteson anaziona zimenezo, ndipo analinso pa changu chokagwila basi ya ku Petauke kuti akafike ku Nyampande kusanade. Anati dzina tisungitse munthu amene sadzakanilila nalo. Anayang'ana uku ndi uku nati Josphat uyu, olo umubweleke singano amabweza ndi ulusi womwe, tabwela ukhale apa.

Ndinati amalume, ine ndine mwamuna. Anati tikudziwa, si ife tinakuona ukubadwa? Ndinafunsa ngati ndi kusunga chabe, anati kusunga chabe. Ndinapempha kuti anene mokweza onse amve, ananenanso. Ndinali ndi mafunso ena, koma chitenje chinali kale pa phewa, chija cha buluu cha chithunzi cha Maliya, ndipo azimai anali atayamba nthungululu. Abemba amene anabwela kudzatiseka pa malilo monga mwa chimbuya chathu, chibale chosekana chija, anandithila ufa kumutu. Mmodzi anagwada n'kumalila monamizila kuti amai mwauka kwa akufa, koma ndevuzi mwazitenga kuti?

Ine ndinkayesa kuti kusunga dzina kuli ngati kusunga khasu la mnzako, umaliimika kuseli kwa chitseko mpaka mwini wake atabwela. Ndinapinda chitenje bwinobwino ndi kuchiika mu sutukesi pamodzi ndi kachikwama kaja.

Sabata isanathe, m'mawa ndikutsuka m'kamwa, ndinaona amai Goodness, mtsogoleli wa gulu lija, atagwada pabwalo. Anati Amai Zabeta mwauka bwanji. Ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Anati ndikunena inu, lelo ndi tsiku lathu losesa m'tchalitchi, tsache lanu lili pomwe munalisiya. Ndinawafotokozela mwaulemu kuti ine ndikungosunga. Anandifunsa kuti kodi munthu akakusungitsani mbuzi mumaitsekela mu sutukesi, kapena mumapita nayo kubusa? Ndinakasesa. Ndipo ndikuuze, pansi pa mabenchi a kumbuyo panali patatenga nthawi pasanasesedwe bwino, koma zimenezi usauze munthu.

Kunyumba ndiye kunavuta. Rabecca anayamba kundigwadila pondipatsa madzi, n'kumati apongozi nawa madzi, nkhope ili gwa, osaseka. Madzulo ndinapeza bulangeti langa lili pa mpando wa pabalaza. Anati mkazi wa makhalidwe sagona chipinda chimodzi ndi amake a mwamuna wake, anthu angamve bwanji? Ndinati Rabecca, usasewele ndi zinthu za mwambo. Anati akusewela ndani, amalume ananena pamaso pa anthu, ndipo inu nomwe munapempha kuti anene mokweza. Ndinagona pabalaza mpaka anandimvela chisoni chifukwa cha chifuwa.

Natasha naye akalakwa amathawila kwa ine yemwe, akuti ambuya ndilanditseni, atate akufuna kundikalipila. Amalume anaimba foni, osati kufunsa za umoyo wanga ayi. Anati mlongo wanga, chaka chilichonse umanditumizila nsawa, chaka chino zachedwa bwanji? Ndinatumiza.

Pa Sondo ndinakhala kwa amuna monga mwa nthawi zonse. Azimai a gulu anayamba kundikodola, atandisiyila malo a amai kutsogolo mbali ya akazi. Nditaimilila, akatekisi a Fredrick anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Misa yonse ndinaimva nditaima pakati, kumbuyo, pafupi ndi madzi odalitsidwa, ngati mlonda. Pa Boma pamene ndimakonzela njinga, azimai ogulitsa nthochi akandiona amakuwa kuti Amai Zabeta, mwaiwala duku.

Choopsa kupambana zonse, anadzanditenga kuti ndikalangize mtsikana wina amene anali pafupi kukwatiwa, poti amai athu ndiwo ankatsegulila chilangizo ndi pemphelo. Ndinapemphela nditaima pakhomo, maso ali pa denga. Nditangomva kuti wina akumangitsa ng'oma, ndinati amen ndi kuthawa kudzela m'munda wa mbatata. Apo pokha ndinakana kwamtuwagalu, ndipo anandimvetsa.

Kunena zoona, ndinali wokonzeka kukwela basi kudzakutulila chitenjecho ku Solwezi komweko.

Ndiye linafika tsiku loyendela odwala. Amai Goodness pogawa nyumba anati Amai Zabeta kwa a Abraham monga mwa masiku onse. Ndinati zimenezo sindingathe. Anati chiyambile malilo mkuluyo akukana kusambitsidwa ndi wina aliyense, mai wina anamugenda ndi kapu, akuti anamva kuti dzina la Zabeta lili ndi munthu, munthuyo abwele. Ndinakumbuka funso lija amai anandifunsa, limene ndinalonjeza kuti ndifunsa, ndipo ndinali ndisanafunse.

Ndinavala magolovesi pamwamba pa magolovesi ena, masiki ija ya nthawi ya kovidi, mapulasitiki kumapazi, ndi chitenje pa phewa chifukwa amai Goodness anati popanda icho nanenso ndikalandila kapu. Ndinaodila pakhomo. M'nyumba munamveka kuti lowa Zabeta, wachedwa, kodi kumwambako kulibe mawotchi?

Fungo la m'nyumbamo sindikulembela. Nditangoona chilonda cha pa chiuno, chimene chinabwela chifukwa chogonela mbali imodzi, dziko linayamba kuzungulila. Ndinakhala pansi, mutu pakati pa maondo. A Abraham anandiyang'ana ndi diso lawo labwino lija nati kodi Akatolika mwayamba kutitumizila odwala kuti ife tiziwasamala? Anati ndimwe madzi a m'kapu yawo. Ndinakana. Anaseka mpaka kutsokomola.

Ndili chikhalile pansi pomwepo anayamba kundiuza za amai. Akuti chaka chomalizachi, amai akamaliza kuwatembenuza ankapita kukatsamila khoma atawafulatila, n'kuluma nsonga ya chitenje mpaka ululu utatsika. Kenaka ankatembenuka n'kuyamba kukalipa kuti phala silinathe bwanji. A Abrahamwo ankanamizila kugona kuti amai asachite manyazi.

Ndinayang'ana nsonga ya chitenje chimene ndinali nacho pa phewa, Yvonne. Ndi yobookabooka. Ine ndinkayesa ndi njenjete, mpaka ndinaika mankhwala mu sutukesi. Nthawi yonseyo ndinali panja pansi pa mtengo, kuona kumene mphepo ikuchokela.

Akutinso zaka zonsezi amai ankawanyengelela kuti alowe Chikatolika, iwo n'kumakana. Anati mwana iwe, ndikanavomela akanati uyu tathana naye, n'kupita kwa wa Dachi wina. Ndiye ndinkangoti ndikaganizilebe, kuti abwelenso mailo.

Sindikudziwa mmene ndinaimilila. Ndinatenthetsa madzi, ndinawasambitsa, ndinawameta ndevu, iwo akundilangiza kuti mai wako ankayambila uku, ndipo manja akowa ndi olemela ngati ukumanga masipoko. Nditamaliza anati kusambitsa wakhozako pang'ono, koma Zabeta weniweni akanandikalipila kale za phala. Ndinawakalipila za phala. Anadya lonse.

Nditafika kunyumba ndinasamba m'manja mpaka khungu kutuwa, ndinawilitsa zovala, ndipo ndinakhala pansi kudikila matenda. Sanabwele. Ndinapitanso. Ndinawapangila nkhata ya chubu cha njinga, chopopa pang'ono ndi kukulunga nsalu, kuti chilonda chisagunde mphasa. Pano chayamba kuuma.

Mbili inafala. Kuno kuli amuna okalamba ambili amene amauza azimai a gulu kuti tasamba kale, chifukwa cha manyazi, pamene madzi sanawakhudze chiyambile Khilisimasi. Amai athu okha ndi amene ankawalola, poti anali aakulu ndipo mau oti ayi sankawamva. Manje akutumiza uthenga kuti tikufuna Amai Zabeta a ndevu aja. Ndili nawo angapo mbali zonse za dambo. Njinga za anthu pa Boma zikuchedwa, Rabecca akudandaula, koma iye yemweyo ndi amene amandiphikila phala lonyamula, ndipo kugwada kuja anasiya.

Utanena pa foni za tsiku lobwela, ndinaganiza kuti ndiyambe kuzolowela. Ndinachapa chitenje, ndinachisita, ndinachibwezela mu sutukesi kuti udzachipeze chaukhondo. Ndinanyamuka kupita kwa a Abraham ngati Josphat chabe. Panjila ndinakumana ndi amai Goodness. Anayang'ana pa phewa panga, nati a Daka muli bwanji, kundiitana ndi dzina la atate monga kale. Anandifotokozela mofatsa kuti gulu ndi la azimai, mwamuna salowamo, ine ndimalowela dzina basi, ndipo dzina likapita ku Solwezi adzandithokoza pa msonkhano ndi kuomba m'manja.

Koma vuto lalikulu silinali la gulu. Nditafika pa mtengo wa pabwalo pa a Abraham, miyendo inaima yokha. Fungo ndinalimva ndili patali. Ndinadziuza kuti ndi nyumba yomweyi, munthu yemweyu, dzulo lomweli unali m'menemu. Sizinathandize. Ndinaima pamenepo mpaka mkuluyo anakuwa kuti ndani akupondaponda masamba panjapo? Ndinati ndine Josphat. Anati Josphat ndimamudziwa, ndi uja wa pansi pa mtengo, mumuuze akaitane amake.

Ndinapalasa njinga kubwelela kunyumba, ndinatsegula sutukesi, ndinapalasanso. Ndinalowa osaima n'komwe.

Ine sukulu ndinalekela giledi seveni, sindingakufotokozele chimene chimachitika. Ndinada nkhawa kuti mwina ndi za mizimu, ndiye ndinakafunsa kwa Bambo Mfumu ngati ndikuchimwa. Anati ndiwadikile pang'ono, anatuluka, ndinawamva akuseka kuseli kwa nyumba, anabwela nati si tchimo, ndipitilize. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu akandiitana kuti Zabeta, ndimachita manyazi kuopa. Amai sankaopa, ndiye ine ndingaipitse bwanji dzina lawo pakhomo la munthu?

Ndiponso m'nyumba zimenezo ndi mmene ndimawapeza. Wodwala aliyense ali ndi kankhani kake ka iwo kamene ife ana awo sitinakamve. Kumanda ndikapita sindimva kanthu, ndimangozula udzu n'kubwelako.

Pempho langa ndi ili, mlongo wanga. Undisiyile dzina.

Ndikudziwa kukula kwa chimene ndikupempha. Amai sunawaone m'bokosi, dothi sunaponye, ndipo chinthu chenicheni chimene tinakusungila ndi chimenechi. Ndi lako mwa mwambo, ndipo nkhope yawo unatenga ndiwe. Ine ndinatenga mphuno ya atate ndi mantha awo. Mwina nawenso usiku ndi usana wakhala ukudikila tsiku limene anthu adzakuitana ndi dzina la amako. Ngati ndi choncho, undikhululukile kuti ndafunsa n'komwe.

Amalume ndinawafunsa. Anati iwo anandisankha chifukwa ndimabweza zinthu za eni, ndiye ndawachititsa manyazi. Koma akuti mwini dzina akalola, iwo alibe mau, malinga nsawa zisaleke kubwela.

Makina osokela udzatenge Cynthia asanapeze njila ina. Kolona udzatenge, ndi yunifomu yawo ya gulu, imeneyo olo andikakamize sindingavale. Ngati kundisiyila mpaka kalekale kukukulemela, undibweleke mpaka a Abraham atatisiya. Ndinawauza maganizo amenewa kuti ndimve mtima wawo. Anati ndikulembele kuti iwo alibe changu, ndipo ngati zili choncho ayamba kudya mbale ziwili.

Ukakana sindidzakwiya. Mphasa ndidzakuyalila ndekha, chitenje ndidzakuika pa phewa ndi manja anga, ndipo ndidzakugwadila monga mwana wako. Koma undiuze msanga, usadikile tsikulo, kuti ndipeze nthawi yophunzitsa miyendo yanga kapena yofuna mwamuna wina wolimba mtima. Anthu aja sindingawasiye choncho osawauza kuti mailo abwela ndani. Yankho usandipatse pa foni. Ulembe, upatse kondakitala yemwe wakubweletsela kalatayi, kuti ndidzawelenge nditakhala pansi, madzi ali pafupi.

Rabecca akupeleka moni, akuti ubwele ndi mwana amuone asanakule. Natasha akuti moni kwa anti ake. Amai Goodness akuti gulu lonse likupemphelela ulendo wako, koma chimene likupempha sananene. Undipelekele moni kwa alamu ndi kwa onse amene anakusamala uli pa bedi.

Mulungu akusunge iwe ndi nyumba yako, Maliya akufungatile pamodzi ndi kamwanako. Amai athu ause mu mtendele, ngati kumeneko apeza wina wotha kuwakhazika pansi.

Ndine mlongo wako wokukonda,
Josphat Daka,
kapena, ukalola, mai wako.